Kansomba kotsuka nsomba zinzake m'makorali: mafunso ndi mayankho

M'nyanja zamchere zofunda, kuyambira kugombe la Mozambique mpaka kuzilumba zakutali za m'nyanja ya Pacific, muli kansomba kamene kamapeza chakudya pochotsa tizirombo pathupi pa nsomba zinzake. Akatswiri a zamoyo amakatcha Labroides dimidiatus, ndipo m'mabuku a Chingerezi kamalembedwa kuti bluestreak cleaner wrasse. Pano tizingoti kotsuka, potengera ntchito yake. N'kochepa thupi, koma nsomba zikuluzikulu zoti zingakameze kamodzi n'kamodzi zimaima phee kudikira kuti kazifikire.

Kodi kotsuka ndi nsomba yamtundu wanji?

Kali m'banja lalikulu la nsomba za m'madzi amchere lotchedwa Labridae, lomwe lili ndi mitundu yoposa 500. Nsomba zambiri za m'banjali zili ndi milomo yochindikala, ndipo posambira zimapalasa madzi ndi zipsepse za pachifuwa m'malo mopinda thupi ndi mchira. Amene anakalemba koyamba m'mabuku a sayansi ndi Achille Valenciennes wa ku France, mu 1839. Kakakula zedi kamafika masentimita 14, koma tambiri timene mungakumane nato sitikwana n'komwe masentimita 10. Moyo wake ndi waufupi, zaka zinayi kapena kupitirirako pang'ono.

Ndingakazindikire bwanji?

Yambani ndi mzere wakuda. Umayambira pamlomo, kudutsa m'diso, n'kutsetsereka m'mbali mwa thupi mpaka kumchira. Kumutu mzerewo ndi wowonda, koma umanka nukula, mwakuti pofika kumchira umakhala utadzaza pafupifupi chipsepse chonse, n'kungosiya timizere towala m'mphepete, pamwamba ndi pansi. Chigawo chakutsogolo cha thupi chimakhala chotuwa moyererako, nthawi zina chachikasu pang'ono, pamene chakumbuyo ndi cha buluu wowala. Mtundu umasiyanako malinga ndi dera komanso kuya kwa madzi, koma mzere wakudawo nthawi zambiri susintha.

Thupi ndi lalitali ndi lowonda, mutu ndi wosongoka. Kamwa ndi kakang'ono ndipo kali kutsogolo kwenikweni kwa mutu. Mfundo ya kamwa imeneyi muisunge, chifukwa ndi imene idzakuthandizeni tikafika pa nsomba yonyengezera. Mlomo wam'munsi ndi wogawika pawiri, ndipo kutsogolo kuli timano takuthwa totolera tizirombo. Amene ali ndi chithunzi chooneka bwino akhoza kuwerenganso zipsepse: cha pamsana chili ndi minga 9 ndi timitsitsi tofewa 10 kapena 11, cha kunsi kumbuyo kwa mimba chili ndi minga 3 ndi timitsitsi tofewa 10.

Koma m'madzi simukhala mpata wowerenga minga. Chimene chimakaulula msanga ndi kasambiridwe kake. Kamayenda modukizadukiza, kukwera ndi kutsika, mchira uli tambasu, chigawo chakumbuyo chikugwedezeka. Akatswiri amati kumeneko ndi kuvina, ndipo ndi mmene kamadziwitsira nsomba zodutsa kuti pano pali wotsuka.

Nanga kakadali kakang'ono kamaoneka chimodzimodzi?

Ayi, ndipo ambiri amayesa mtundu wina. Kamwana kamakhala kakuda pafupifupi thupi lonse, n'kukhala ndi kamzere kamodzi ka buluu wonyezimira kochokera pamphuno, kodutsa pamwamba pa diso n'kutsata msana mpaka kumchira. Kakamakula, kuderako kumachepa n'kusanduka mzere uja. Tiana timakonda kubisala pansi pa matanthwe ndi m'timapanga, ndipo timayamba ntchito yotsuka tidakali tating'ono choncho.

Yaimuna ndi yaikazi sizisiyana mtundu. Mukaona gulu, yaikulu pa zonse ndiyo yaimuna.

Makorali amene kamakhalamowo ndi chiyani, ndipo kamapezeka kuti?

Munthu akawaona koyamba amayesa miyala kapena zitsamba za pansi pa madzi, koma makorali ndi zamoyo. Ndi tinyama tofewa tating'onoting'ono tokhala pamodzi miyandamiyanda, ndipo kalikonse kamadzimangira chigoba cha laimu. Tikafa, zigobazo zimatsala, tina n'kumanga pamwamba pake, ndipo pakapita zaka mazanamazana pamakhala matanthwe aakulu odzaza ming'alu ndi mapanga. Amafuna madzi ofunda, oyera, osaya kwambiri kuti dzuwa lizifika.

Kotsuka kamapezeka m'matanthwe otere kuyambira ku Red Sea, kutsika gombe lonse la kum'mawa kwa Africa kudutsa Kenya, Tanzania ndi Mozambique mpaka ku KwaZulu-Natal, kuwoloka nyanja ya Indian mpaka Indonesia, kum'mwera kwa Japan, Australia ndi zilumba za French Polynesia. Kamakhala kuyambira pamadzi ofika m'chiuno mpaka mamita 40 kuya kwake. Ku Atlantic kulibe. Kumeneko ntchitoyi imagwiridwa ndi tinsomba tamitundu ina.

Kutsukako kumachitika bwanji?

Kotsuka sikayendayenda kusaka ntchito. Kamakhala ndi malo ake odziwika, mwina pamwamba pa chulu cha korali, mwina pakhomo pa phanga, ndipo nsomba za m'deralo zimawadziwa. Zili ngati wometa tsitsi wa pamsika amene aliyense akudziwa pamene amaika mpando wake: ena amabwera tsiku ndi tsiku, ena ndi odutsa, ndipo pakachuluka anthu pamakhala mzere. Akatswiri omwe nsomba zobwera kudzatsukidwazi amazitcha makasitomala.

Tinene kuti kwafika nsomba yolusa ya mtundu wa grouper, yotalika pafupifupi mita. Imachepetsa liwiro, n'kuima njo pamwamba pa korali, zipsepse zonse zili tambasu. Kotsuka kamaichingamira kakuvina, n'kuyamba kuiyendera thupi lonse, mlomo uli pafupi ndi khungu, kakutola apa ndi apo: m'mphepete mwa diso, m'tsinde mwa chipsepse, pachilonda chakale. Kenako nsomba ija imakweza chivundikiro cha makha, momwe imapumira, ndipo kotsuka kamalowetsamo mutu mpaka theka la thupi. Ikayasamula, kamalowa m'kamwa monsemo, kukatola pakati pa mano, nthawi zina n'kutulukira kumakha. Ikakhutira, grouper ija imatseka kamwa pang'ono mwadzidzidzi n'kutsegulanso, kapena kugwedeza thupi. Kotsuka kamamva chizindikirocho n'kutuluka, kasitomala wina n'kusendera.

Mtundu uliwonse uli ndi kaimidwe kake popempha. Zina zimaima mutu uli pansi, zina mutu uli m'mwamba, zina zimapendekeka cham'mbali. Zilipo zimene zimasintha mtundu wa khungu pa nthawiyo. Kumabwera nsomba zodya ndere, zodya zinzake, mikunga ya m'mapanga, shaki, nsomba zikuluzikulu zophwatalala za manta, ngakhalenso akamba a m'nyanja.

Kamadya chiyani kwenikweni, ndipo zochuluka bwanji?

Chakudya chake chachikulu ndi ana a tizirombo ta m'gulu la Gnathiidae, achibale a nkhanu ochepa kwambiri moti diso limavutika kuwaona. Amabisala mumchenga ndi m'zidutswa za makorali akufa, n'kumatuluka makamaka usiku ndi m'bandakucha kukakakamira pa nsomba ndi kuyamwa magazi. Akakhuta amagwa n'kubwerera pansi. Kupatula amenewa, kotsuka kamadyanso tizirombo tina ta pakhungu ndi m'makha, khungu lakufa, ndi zowola za m'mphepete mwa zilonda.

Alexandra Grutter wa ku University of Queensland anatha zaka zambiri akutsatira tinsombati ku Lizard Island, pa Great Barrier Reef ku Australia. Anapeza kuti kamodzi kamayendera nsomba pafupifupi 2,300 patsiku ndi kudya tizirombo pafupifupi 1,200. Nsomba zina zimabwerera pamalo otsukira kambirimbiri tsiku lomwelo.

Panali nthawi imene akatswiri ena ankakayika ngati kutsukako kumathandizadi, poganiza kuti mwina nsomba zimangokonda kukhudzidwa. Grutter anayesa poika nsomba m'zikwere, zina pamatanthwe okhala ndi totsuka, zina pamatanthwe amene anatichotsapo. Zotsatira zake zinatuluka mu 1999: nsomba za pamatanthwe opanda totsuka zinali ndi tizirombo tochuluka kuwirikiza pafupifupi kanayi.

N'chifukwa chiyani nsomba zolusa sizikameza?

Chifukwa phindu la kukhala nako tsiku lililonse limaposa kanyama kochepa kamene zingapeze pokameza. Nsomba imene yadya wotsuka wa m'dera lake mawa idzasowa kopita ndi tizirombo take. Mtundu wa buluu ndi mzere wakuda uja, pamodzi ndi kuvina, ndi zizindikiro zimene nsomba za m'makorali zimazidziwa. Ofufuza akamang'amba mimba za nsomba zolusa, si kawirikawiri kupezamo kotsuka.

Nakonso kamadziwa malire. Nsomba yolusa sikaiputa. Kamaisisita kwambiri ndi zipsepse zake kuposa mmene kamachitira ndi makasitomala ena, makamaka ikakhala yanjala.

Ndiye kuti n'kokhulupirika nthawi zonse?

Ayi, ndipo apa ndi pamene nkhani ya kansombaka imakoma. Thupi la nsomba iliyonse limakutidwa ndi zoterera, zomwe zija mumazimva m'manja mukagwira mlamba wamoyo. Zotererazi zimateteza nsomba ku matenda, ndipo kuzipanga kumadya mphamvu. Mu 2003, Grutter ndi Redouan Bshary anasonyeza kuti kotsuka kakapatsidwa mwayi wosankha, kamakonda zotererazi kuposa tizirombo. Ndiye kuti nthawi iliyonse pamene kakutsuka, kamakhala kakudya chimene sikachikonda kwambiri, chokomacho chili pamlomo pomwepo. Nthawi zina kamalephera kudziletsa n'kuluma khungu labwinobwino. Mukamaonerera mudzazindikira: kasitomala amadzidzimuka, thupi lonse n'kuchita ngati lanjenjemera kamodzi.

Zimene zimatsatira zimadalira kuti walumidwayo ndani. Nsomba zokhala pomwepo, zimene dera lake ndi laling'ono moti zilibe wotsuka wina, zimakathamangitsa mwaukali, ndipo zikadzabweranso kotsuka kamakhala kosamala. Nsomba zoyenda mitunda, zimene zikudziwa malo otsukira angapo, sizitaya nthawi: zimangochoka, ulendo wina n'kupita kwina. Kotsuka kamasiyanitsa magulu awiriwa. Mlendo akafika kamasiya wa pomwepo n'kuthamangira mlendoyo, podziwa kuti wa pakhomo adikira koma mlendo sadikira.

Sizithera pomwepo. Nsomba ikafika pamalo otsukira imayamba yaonerera mmene mnzake akuchitidwira. Ikaona kudzidzimuka kapena kuthamangitsana, kawirikawiri imadutsa. Bshary ndi Grutter anasonyeza mu 2006 kuti kotsuka kamachepetsa kuluma pamene pali wina amene akuonerera. Kakalakwira kasitomala kamamupepesa pokwera pamsana pake n'kumamusisita ndi zipsepse za pachifuwa ndi za pamimba. Kusisitako si kwachabe: kafukufuku wa Marta Soares ndi anzake mu 2011 anapeza kuti kumatsitsa cortisol, mankhwala a m'thupi amene amakwera nyama ikapanikizika.

Yaimuna ndi yaikazi nthawi zina zimatsuka kasitomala mmodzi pamodzi. Yaikazi ikaluma, kasitomala n'kuthawa, yaimuna imaithamangitsa yaikaziyo, ndipo pambuyo pake yaikaziyo imaluma mochepa. Izi anazilemba Nichola Raihani ndi anzake mu 2010. Zonsezi zikuchitika m'mutu wa kansomba kosakwana chikhatho, kamene kayenera kukumbukira nsomba zambirimbiri ndi kudziwa kuti iyi ndinaichitira zotani ulendo watha.

Ndamva kuti pali nsomba ina yofanana nako yomwe imaluma. Ndingazisiyanitse bwanji?

Ilipo, ndipo imafanana nako modabwitsa. Ku Pacific ndi Aspidontus taeniatus, ndipo ku nyanja ya Indian, kuphatikizapo gombe la Mozambique, kuli m'bale wake Aspidontus tractus. Si zapachibale ndi kotsuka. Zili m'banja la Blenniidae. Koma zinatengera zonse: kutalika, mzere wakuda, buluu wa kumchira, mpaka kuvina komwe. Nsomba ikanyengeka n'kuima, yonyengayo imabwera chakumbuyo n'kudula kachidutswa ka chipsepse.

Posiyanitsa, yang'anani kamwa poyamba. Kamwa la kotsuka lili kutsogolo kwenikweni. La yonyenga lili kunsi, mphuno n'kutulukira patsogolo pake, ndipo m'nsagwada yam'munsi muli mano awiri aatali okhota. Chipsepse cha pamsana cha yonyenga chimayambira kumbuyo kwa mutu penipeni, patsogolo kuposa cha kotsuka. Yonyenga ilibe mamba, pamene kotsuka kali ndi timamba tating'ono. Kakhalidwe nako kamaulula. Yonyenga ikaopsezedwa imalowa chafutambuyo m'kauna kosiyidwa ndi nyongolotsi za m'korali, mutu wokha uli kunja. Mukaona kansomba ka mzere wakuda kakusuzumira m'kauna chotero, si kotsuka. Ndipo yonyenga simudzaiona ikuyendera thupi la kasitomala modekha kapena kulowa m'makha; imangoluma n'kuthawa.

Tisaipitsenso mbiri yake mopitirira. Ofufuza amene anaitsatira m'madzi anapeza kuti chakudya chake chambiri ndi mazira a nsomba zina ndi timphonje ta nyongolotsi za m'makorali, ndipo nthawi zina zimasonkhana kagulu kukathyola chisa cha mazira. Kuluma zipsepse ndi gawo chabe. Chovala chobwerekachi chimaitetezanso ku nsomba zolusa.

Palinso ina, Plagiotremus rhinorhynchos, imene imatsanzira tiana ta kotsuka, takuda ta kamzere ka buluu tija. Imabisala pafupi ndi malo otsukira n'kumabudula mamba ndi khungu la nsomba zobwera. Isabelle Côté ndi Karen Cheney anasonyeza mu 2005 kuti imatha kuvala mtunduwo ndi kuuvula: ikakhala pafupi ndi kamwana ka kotsuka imada, ikakhala kwina imasintha. Thupi lake ndi lalitali kwambiri ndipo imasambira mopindapinda thupi lonse, zimene kotsuka sikachita.

Kodi pali mitundu ina ya totsuka?

Gulu la Labroides lili ndi mitundu isanu. Kugombe la Africa mungakumanenso ndi Labroides bicolor, imene ikakula imakhala yakuda mobiriwira kutsogolo ndi yachikasu chowala kumbuyo, ndipo imayendayenda dera lalikulu m'malo modikira pamalo amodzi. Labroides phthirophagus imapezeka ku Hawaii ndi tizilumba toyandikana nako. Labroides pectoralis ili ndi banga lakuda m'tsinde mwa chipsepse cha pachifuwa, ndipo Labroides rubrolabiatus ndi ya kuzilumba za pakati ndi kum'mwera kwa Pacific.

Kodi n'zoona kuti yaikazi imasanduka yaimuna?

N'zoona. Totsuka timakhala m'magulu a yaimuna imodzi ndi zazikazi zingapo, nthawi zambiri zitatu mpaka zisanu ndi imodzi. Yaimuna imayendera dera lonse, ndipo zazikazi zili ndi malo awoawo mkati mwake, motsatana ukulu. Zonse zimayamba kuswana zili zazikazi.

Ross Robertson anafufuza zimenezi ku Heron Island, Australia, n'kuzifalitsa mu 1972. Ankachotsa yaimuna pagulu n'kumaonerera. Pasanathe maola awiri, yaikazi yaikulu pa zonse inkayamba kuchita zachimuna: kuopseza zinzake, kenako kuyendera malire, ndipo pakapita masiku ochepa kuzifunsira. M'kati mwa thupi kusintha kunkatenga nthawi yotalikirapo, koma pakatha masiku 14 mpaka 18 inkakhala ikutulutsa umuna. Chimene chimaletsa yaikazi yaikulu kusintha msanga ndi kuponderezedwa ndi yaimuna tsiku ndi tsiku. Nthawi zina yaimuna ya gulu loyandikana nalo imalanda deralo kusinthako kusanathe, ndipo yaikazi ija imakhalabe yaikazi.

Tetsuo Kuwamura ndi anzake a ku Japan anapezanso kuti njirayi imabwerera m'mbuyo. Zazimuna ziwiri zikakhala pamodzi popanda yaikazi, yaing'onoyo imatha kusandukanso yaikazi n'kuikira mazira.

Timaswana bwanji?

Yaimuna ndi yaikazi zimathamanga limodzi kukwera chakumtunda kwa madzi, n'kutulutsa mazira ndi umuna nthawi imodzi, kenako n'kubwerera pansi. Palibe chisa, palibe kulera. Mazira amayandama n'kutengedwa ndi madzi, ndipo tiana tikaswa timakhala milungu ingapo tikuyandama kunyanja tisanatsikire pamakorali. N'chifukwa chake mtundu umodziwu unafalikira kuchokera ku Africa mpaka pakati pa Pacific.

Usiku kamatani?

Kamagona. Dzuwa likamalowa kamalowa mumng'alu wa korali, ndipo nthawi zambiri kamadzikuta ndi kathumba ka zoterera zotuluka m'thupi mwake. Usiku ndi pamene tizirombo timachuluka pa nsomba, choncho m'mawa pamalo otsukira pamakhala piringupiringu.

Nanga nkhani yoti kamadzizindikira pagalasi?

Kuyesa nyama ndi galasi kunayambitsidwa ndi Gordon Gallup mu 1970, pa anyani a chimpanzi. Nyama imaikidwa chizindikiro pamalo amene singaone popanda galasi; ikayang'ana pagalasi n'kugwira malowo pathupi pake, amati yazindikira kuti chithunzicho ndi iyo yomwe. Kwa zaka zambiri zopambana zinali zochepa: anyani akuluakulu, ma dolphin, njovu ya ku Asia, ndi mbalame ya magpie.

Mu 2019, Masanori Kohda wa ku Osaka City University ndi anzake anafalitsa zimene anapeza pa totsuka. Masiku oyamba tinkamenyana ndi galasi poyesa mdani. Kenako tinayamba kuchita zachilendo patsogolo pake, monga kusambira chagada. Atatiika kadontho kofiirira pakhosi, kooneka ngati kachirombo, tinkayang'ana pagalasi, n'kupita kukakhula khosi pansi, n'kubwereranso kudzayang'ana. Popanda galasi sitinkakhula, ndipo kadontho kosaoneka sitinkakalabadira. Ena, kuphatikizapo Gallup mwiniwake, sanakhutire, ponena kuti nsomba yozolowera kusaka timadontho pathupi pa zinzake ingachite zimenezi popanda kudzidziwa. Kohda anabwereza ndi nsomba zambiri, ndipo pofika 2022 zopambana zinali 17 mwa 18. Mu 2023 anasonyezanso kuti kotsuka kozolowera galasi kamaukira chithunzi cha kanzake kachilendo koma kamasiya chithunzi chake, ngakhale nkhope yake itaikidwa pathupi la kena.

Mtsutso woti zimenezi zikutanthauza chiyani ukadalipo. Kwa ine, chovuta kukana n'chakuti ikanakhala nyani yochita zomwezi, palibe akanakayika.

Kuyesa kwina kumene ndimakukonda kunachitika mu 2012. Panaikidwa mbale ziwiri za chakudya chofanana. Ina inkachotsedwa nyama ikayamba kudya pa inzake. Ina inkakhalabe mpaka nyama itamaliza. Wanzeru ayenera kuyamba ndi yochotsedwayo kuti adye zonse ziwiri. Totsuka tatikulu tinaphunzira msanga kuposa chimpanzi, orangutan ndi anyani a capuchin. Si kuti n'tanzeru kuposa anyani pa zonse, koma funsoli ndi lomwe lija la mlendo ndi wa pakhomo, limene timaliyankha tsiku lonse.

Chingachitike n'chiyani totsuka titachoka pamakorali?

Ku Lizard Island anayesa kwa nthawi yaitali. Kuyambira chaka cha 2000, pamatanthwe ena ang'onoang'ono ankachotsapo totsuka tonse mobwerezabwereza, ena n'kuwasiya. Patatha zaka zisanu ndi zitatu ndi theka, matanthwe opanda totsuka anali ndi nsomba zokhazikika zochepa ndi 37 peresenti, ndipo mitundu yake inali yochepa ndi 23 peresenti. Zina mwa zotsalazo zinali zazing'ono thupi. Nsomba zoyendayenda nazo zinachepa, ndipo zina mwa zimenezi ndi zodya ndere, zimene zimathandiza kuti ndere zisakwirire makorali. Bshary anaonanso zofanana ku Ras Mohammed, ku Egypt: pamene kotsuka kachoka mitundu ya nsomba imachepa pakapita miyezi, pamene kafika imachuluka.

Pathanthwe lokhala ndi nsomba mazanamazana, totsuka tingakhalepo tiwiri kapena titatu tokha.

Kodi m'nyanja ya Malawi muliko nsomba yotere?

Kotsuka kenikeni mulibe, chifukwa sikangakhale m'madzi opanda mchere. Koma ntchito yake ilimo. Pakati pa mbuna pali Pseudotropheus crabro, yachikasu ya mizere yoderako, imene imakonda mapanga a m'miyala momwe mumakhalanso kampango. Imachotsa nsabwe za nsomba, zotchedwa Argulus, pathupi pa kampango, ndipo kampango amailola. Koma nayo ili ndi mbali yachiwiri: kampango akaikira mazira, imasintha mtundu n'kuda bii, n'kulowerera kukaba mazirawo, kenako n'kubwereranso ku chikasu chake. Anthony Ribbink ndi Digby Lewis ndi amene anailemba m'mabuku mu 1982. Mbuna ndi kotsuka si zapachibale chapafupi. Luso lotsuka linabadwa palokha kunyanja yathu ndi kunyanja yamchere, ndipo konseko linabwera limodzi ndi kuba.

Kodi ndingakawete m'thanki yagalasi?

Kamagulitsidwa kwambiri m'masitolo a nsomba zoweta ku Ulaya, America ndi Asia, ndipo pafupifupi tonse timagwidwa kunyanja. Ine sindingalimbikitse munthu kugula. Kansomba kozolowera makasitomala masauzande patsiku sikangakhute ndi nsomba khumi za m'thanki. Tina timaphunzira kudya chakudya chogula, koma tambiri timawonda n'kufa, ndipo tina timavutitsa nsomba zinzake pozilondola ndi kuziluma kosalekeza. Sikachiritsanso matenda a timadontho toyera amene oweta ambiri amakagulira, chifukwa tizirombo take timalowa mkati mwa khungu. Ndipo thanthwe limene kachotsedwapo limatsala ndi vuto lija tafotokoza pamwambapa.

Kodi kali pangozi yotha?

Bungwe la IUCN, loona za kasungidwe ka zachilengedwe padziko lonse, limakaika m'gulu la zamoyo zimene sizili pangozi, popeza n'kofalikira dera lalikulu. Vuto lili pa nyumba yake. Madzi akatentha mopitirira, makorali amataya ndere zokhala m'thupi mwawo zimene zimawadyetsa, n'kuyera mbuu, ndipo kutenthako kukapitirira amafa. Mu 1998 makorali ambiri a kum'mawa kwa Africa anafa motere. Ku Lizard Island, anamondwe a Ita mu 2014 ndi Nathan mu 2015, kenako kutentha kwa madzi mu 2016, zinachepetsa totsuka kwambiri. Zegni Triki ndi anzake atayesa totsalato, anapeza kuti tambiri tinkalephera mayeso a mbale ziwiri aja, amene totsuka ta pamalo omwewo tinkapambana kale.

Ndikafuna kukaona ndi maso, ndipite kuti ndipo nditani?

Kwa ochokera ku Malawi ndi Zambia, gombe la Mozambique ndilo lapafupi: Nacala, zilumba za Bazaruto pafupi ndi Vilankulo, Tofo pafupi ndi Inhambane kumene nsomba za manta zimabwera kudzatsukidwa, ndi Ponta do Ouro. Okhala ku South Africa angapite ku Sodwana Bay. Zanzibar ndi Mafia ku Tanzania nakonso kuli makorali abwino.

Sipafunika zida za mpweya. Magalasi osambirira ndi kapaipi kopumira n'zokwanira, chifukwa malo ambiri otsukira ali pamadzi osaya. Pitani m'mawa. Musasake kansombako, sakani nsomba yaikulu imene yaima modabwitsa, mutu pansi kapena kamwa yasa, ndipo kotsuka mukapeza pomwepo. Imani patali mamita awiri kapena atatu, musapalase kwambiri, ndipo musaponde kapena kugwira korali, chifukwa amathyoka msanga ndiponso amacheka. Mukakhala chete kwa mphindi zingapo makasitomala amabwerera pamzere. Nthawi zina kotsuka kamabwera kwa munthu yemwe, n'kumatola pakhungu la m'miyendo kapena pachilonda chimene chikupola. Kamatsina pang'ono, koma sikavulaza.